Safunsa Wavala Yunifolomu

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine munthu ameneyu ndimamuona m'maganizo: mlendo wovala bwino, nsapato zopolisha, wafika pamudzi dzuwa likupendeka. Eni khomo amulandira ndi chisa cha njuchi chodontha uchi. Chibadwire sadaonepo chinthu chotere, koma kufunsa kuti "kodi zimenezi amadya bwanji?" akuona ngati n'kudzivula ulemu. Ndiye afinya uchi wonse n'kutayira pansi, ayamba kutafuna phula uku akugwedeza mutu kuti zakoma. Ana akugubuduka ndi phwete kuseri kwa nkhokwe.

Ana anga amene mwangoitanidwa kukayamba maphunziro a unamwino, tcherani khutu. Kaya mukupita ku KUHeS, komwe ife tidazolowera kukutchula kuti Kamuzu College of Nursing isadaphatikizidwe ndi College of Medicine mu 2021, kaya ku Malawi College of Health Sciences, kaya kusukulu za mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission kapena Trinity ku Muona, Safunsa mukamupeza. Amalembetsa chaka ndi chaka. Kawirikawiri amakhala uja adakhoza bwino kwambiri MSCE, amene kwawo ayamba kale kumutchula kuti "adokotala" pomwe sadagwireko ndi thonje lomwe. Munthu wotere mawu oti "sindikudziwa" amamutsamwa ngati fupa la usipa.

Ndikumudziwa bwino chifukwa chaka changa Safunsa ndidali ine. Mlungu wanga woyamba kuwodi ya amayi, pachipatala china chomwe dzina lake ndisunga, agogo ena adandikodola ndi dzanja. Adandinong'oneza kuti, "Mdzukulu wanga, kuyambira dzulo ndikulephera kutaya madzi." Ine wokulira m'tauni ndidasuzumira pansi pa bedi, n'kuona beseni la madzi omwe adasambira. Ndidati m'mtima, kantchito kochepa aka. Ndidalinyamula, kukakhuthula panja, kulitsuka, n'kubwerera ndikumwetulira: "Musadandaule agogo, ndakutayirani." Agogowo adandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndagwa kuchokera padenga. Mwamwayi amayi okolopa adamva. Adasiya chokolopera n'kuthamangira kwa asisita, ndipo patangopita mphindi zochepa agogo adaikidwa kapaipi, mkodzo wa usiku wonse n'kutuluka. Mpaka tsiku lomwe adatulutsidwa, wodi yonse inkandiitana kuti "anesi otaya madzi".

Tsiku limenelo ndidazindikira pomwe mwambiwu umaperewera. Mlendo uja phula adatafuna yekha, ndipo m'mimba mudapotokola mwake. Kuwodi zimatembenuka. Namwino akapanda kufunsa, phula amadya ndi wodwala.

Taonani fayilo ya wodwala. Muli chilankhulo chakechake, chochokera ku Chilatini, cholembedwa ndi dzanja la adokotala lokhala ngati nkhuku yapalasa. BD ndi kawiri patsiku, TDS katatu, QID kanayi, nocte ndi usiku pogona, stat ndi pompopompo, PRN ndi pokhapokha pakafunika. Ndiye pali NPO. Safunsa akaona zilembo zimenezi kumutu kwa bedi amadzimasulira yekha kuti Nsima, Phala ndi Olenji, n'kuuza gadiyani kuti afulumire kukhitchini. Chonsecho tanthauzo lake n'lakuti wodwalayo asalawe kanthu, chifukwa akupita kufiyeta, ndipo munthu wogonetsedwa tulo ta opaleshoni akasanza, masanziwo akhoza kulowa m'mapapo. Opaleshoni yomwe bambo wa eni adaidikira mwezi wathunthu yalephereka chifukwa cha chipande chimodzi cha phala.

Diripi nayo ili ndi masamu ake. Lita imodzi yoyenera kutha m'maola 8, pa chingwe chotulutsa madontho 20 pa mililita, imafuna madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Mumawerenga maso ali pa wotchi. Safunsa amangotsegula ngati mpopi wa pachitsime anthu ali pamzere, kuiwala kuti madzi othamanga chotere akhoza kudzaza mapapo a mwana wamng'ono kapena a munthu wodwala mtima. Pali mankhwala ngati potassium chloride omwe sabayidwa mumtsempha osasungunula, chifukwa amaimitsa mtima. Pali kadontho kakang'ono kosiyanitsa 0.5 ndi 5, kochepa ngati chitosi cha ntchentche, koma kakasowa wodwala walandira mankhwala ochuluka kakhumi. Ngati diso lanu lakayika kuti ndi kadontho kapena ndi ntchentchedi, dzutsani munthu mufunse.

Muziti, "Koma amayi, ife a masiku ano timafunsa." Eya, mumafunsa foni. Ndimawaona ana asukulu atabisala m'chipinda chotsukira mabeseni, chala chili kalikiliki pa Google. Zikakanika amaponya funso pagulu la WhatsApp la kalasi, komwe a Safunsa makumi anayi amayankhana molimba mtima, wina n'kuwonjezera kachithunzi ka manja opemphera. Foni ndi yabwino powerenga, sindikukana. Koma Google sidamuone wodwala wa pabedi 7. Sidziwa kuti amalemera makilogalamu angati, kuti dzulo adatupa nkhope atalandira penicillin, kapena kuti impso zake zatopa. Ndipo bandulo imadziwa kutha pa nthawi yoipa. Florence Nightingale, amene tsiku lake lobadwa la 12 May ndilo tsiku la anamwino padziko lonse, adatchuka ndi nyali yomwe ankayendera odwala usiku ku Scutari atapitako mu 1854. Inunso foni yanu idzakhala nyali. Magetsi akadzazima pa naiti, mudzailuma ndi mano, tochi itayaka, manja onse awiri akusaka mtsempha wa mwana. Pamenepo ndiye idzagwire ntchito ya unamwino.

Nanga muzifunsa ndani? Asisita, aphunzitsi anu ndi adokotala, zimenezo n'zodziwikiratu. Koma akuluakulu a m'wodi ena savala zoyera. Amayi okolopa omwe akhala pamenepo zaka 20 amadziwa makina oyezera BP amene amanama, soketi yomwe imagwira, komanso thumba lomwe kiyi wa kabati wagona. Apatseni moni wa ulemu m'mawa uliwonse, ndipo musawapondere pomwe angokolopa kumene. Ine adandipulumutsa ndi iwowo.

Funsaninso gadiyani, uja amagona pachitenje pansi pa bedi. Inu mumaona wodwala mphindi zisanu, iye amamuona usiku wonse. Ndiye amadziwa kuti phala lidabwerera, kuti chimbudzi chasintha mtundu, kuti mapiritsi omwe mwalemba kuti amwedwa ali pansi pa pilo.

Koposa onse, funsani wodwala mwini, ndipo akayankha mufunsenso. Kwathu kuno "malungo" ndi dengu lalikulu, mumalowa chilichonse kuyambira kuphwanya kwa thupi mpaka nkhawa ya ngongole ya kubanki m'khonde, n'chifukwa chake timayeza magazi tisadapereke mankhwala a LA. Wina akati "mtima ukundipweteka", muuzeni aloze ndi chala, mudzadabwa chala chikutera pamimba. Mayi woyembekezera akafika matenda atakula modabwitsa, mufunseni mofatsa ngati wamwako kena kake kunyumba. Mukafunsa maso ali psuu, adzalumbira kuti sadalaweko ngakhale madzi. Mukakhala pansi n'kutsitsa mawu, adzakuuzani za mwanamphepo yemwe apongozi adamupatsa kuti mwana abwere msanga, ndipo mudzadziwa kuti chiberekero chimenecho n'chofunika kuchiyang'anira mwatcheru. Funso lokalipa limabala bodza.

Sindikunamizani kuti kufunsa n'kokoma nthawi zonse. Alipo asisita ena, otopa ndi odwala makumi asanu ndi limodzi pa anamwino awiri, amene adzakuyankhani pamaso pa anthu kuti, "Kodi kusukuluko amakuphunzitsani chiyani?" Mezani malovu, nenani "pepani asisita", koma musachoke yankho musadalandire. Manyazi a kufunsa amatha pomwe tiyi wa 10 koloko akufika. Manyazi a kusafunsa amakaima nanu pamaso pa Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe lomwe limapereka chiphaso chogwirira ntchito, ndipo lili ndi mphamvu yochilanda.

Chenjeraninso ndi msuweni wake wa Safunsa, dzina lake Samva, uja adamva nkhwangwa ili m'mutu. Iyeyu amafunsa ndithu, koma yankho limalowa khutu ili n'kutulukira linalo, mawa n'kudzafunsanso zomwezo. Gulani kabuku kolowa m'thumba la yunifolomu ndi zolembera ziwiri, chifukwa chimodzi adokotala adzabwereka pa raundi ndipo simudzachionanso. Chomwe mwauzidwa, lembani. Dziwaninso nthawi: pamene anthu akulimbana ndi kudzutsa munthu amene wasiya kupuma, thamangani ndi chomwe mwatumidwa, mafunso a chifukwa chake adikire mpweya ubwerere.

Mukadzapita kutchuthi koyamba, mayeso ena akudikirani pakhonde. Azakhali adzakuvulirani chotupa, aneba adzabwera ndi kabuku kawo kakuchipatala kuti muwamasulire. Inu mwangophunzira kuyala bedi ndi kutchula mafupa 206 a m'thupi. Yankhani kuti, "Izi sindidafikepo, tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala." Ulemu wanu udzatsika pang'ono pamudzi, koma azakhali adzakhala ndi moyo wautali woti azikunenani.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandisowetsa mtendere pa nkhani ya mlendo uja. Tamuseka mibadwo yonseyi, koma eni khomo adali pomwepo. Adamuona akutaya uchi, adamuona akulimbana ndi phula, palibe adati, "Alendo, amadya ukutu." Zaka zitatu kapena zinayi sizichedwa. Posachedwa asisita mudzakhala inu, ndipo kamwana kena konjenjemera, yunifolomu ikadali ndi mizere ya kwa telala, kadzaima pambali panu n'kufunsa funso lopusa kwambiri lomwe simudalimvepo. Seko lidzafika pakhosi. Libwezeni, muyankhe bwinobwino, kenako mukasekere kuseri kwa nkhokwe. Kamwanako kasankha kuoneka kopusa kuti wodwala wanu adye uchi.