Usiku umene scp inandigoneka pa mpando

Ndivomereze poyamba kuti palibe anandikakamiza. Bwana anangonena Lachisanu masana kuti zithunzi zonse za ofesi zichoke pa kompyuta ya Windows zipite pa seva yatsopano ya Linux Lolemba lisanafike, ine n'kukweza dzanja ngati mwana wa sitandade 1 amene wadziwa yankho. "Bwana, musavutike, tikamaweruka zikhala zatheka." Anali magigabayiti 60. Ndinawerengera m'mutu kuti waya wa gigabit umanyamula mamegabayiti oposa 100 pa sekondi, ndiye ntchito ya mphindi khumi basi.

Chida changa chinali Cygwin, yomwe ndinkanyadira chifukwa anzanga akaona windo lakuda lodzaza zilembo ankandiyesa katswiri. Pulogalamuyi inayamba mu 1995 ku kampani ya Cygnus Solutions, imene pambuyo pake inagulidwa ndi Red Hat, ndipo imalola mapulogalamu olembedwera Unix kuyenda pa Windows. Mtima wake ndi kafayilo kotchedwa cygwin1.dll, kamene kamagwira ntchito ya womasulira: pulogalamu ikalankhula Chiunix, iko kamatembenuzira m'Chiwindows. Amene munakhalapo m'tchalitchi mlaliki ali mlendo mukudziwa zimene zimachitika. Ulaliki wa theka la ola umatha ola lathunthu, nsima n'kuzizira kunyumba.

Zimenezi ine sindinaziganizire. Ndinalemba scp, yomwe imatumiza mafayilo kudzera pa SSH, njira imene Tatu Ylönen wa ku Finland anapanga mu 1995 yosokoneza dala uthenga kuti womvetsera panjira asatolepo kanthu. Ndinadina Enter, n'kutsamira. Liwiro linafika mamegabayiti awiri pa sekondi n'kukhazikika pomwepo ngati lalipira lendi. Ndinawerengeranso, ulendo uno pa pepala: maola oposa asanu ndi atatu.

Woyamba kumunamizira anali waya. Ndinasintha katatu, alonda atandigwirira tochi kuseri kwa kabati. Palibe chinasintha, kupatula malaya anga. Kenako ndinakumbukira malangizo akalekale akuti kubisa uthenga n'kumene kumachedwetsa, ndiye usankhe njira yopepuka yotchedwa arcfour. Ntchito inali itayenda maola awiri, koma ndinadina Ctrl+C molimba mtima. Kompyuta inandiyankha kuti dzina limenelo siikulidziwa. OpenSSH, pulogalamu ya SSH imene ndinkagwiritsa ntchito, inachotsa arcfour mu 2017 chifukwa inali yofooka, ndipo ine ndekha ndi amene uthenga wa malirowo sunandipeze. Chowawa kwambiri chinabwera nditayambiranso: scp siikumbukira pamene inalekezera. Inayambanso pa chithunzi choyamba, cha bwana akudula riboni.

Munthu wanzeru akanapita kunyumba. Ine ndinawonjezera -C, kuti mafayilo azipanikizidwa asanatumizidwe. Koma zithunzi za JPEG n'zopanikizidwa kale, ndiye kunali kupondaponda thumba la chimanga losokedwa kukamwa. Kompyuta inatuluka thukuta, liwiro n'kutsikiratu. Ctrl+C kachiwiri. Riboni kachitatu.

Zoona zake ndinazimvetsa patapita masiku. Kubisa uthenga kunalibe mlandu waukulu, chifukwa mapurosesa ambiri kuyambira cha mu 2010 ali ndi malangizo apadera a njira yobisira uthenga ya AES ndipo ntchitoyi amaichita mosapuma n'komwe. Vuto n'lakuti scp siinyamula yokha katundu. Imadzutsa pulogalamu ina, ssh, n'kumaipatsira zidutswa kudzera pa kampopi kamene Windows siikadziwa m'njira ya Unix, ndiye chidutswa chilichonse chimadikira womasulira. Onjezani kuti zithunzizo zinali zikwizikwi. Chilichonse chinkafunsidwa mwini wake ndi zilolezo zake, womasulira n'kutembenuza, antivayirasi nayo n'kununkhiza. Sindikuinyoza Cygwin. Inachita zimene inalonjeza, kungoti sinalonjezepo changu.

Cha m'ma 11 koloko ndinayambitsanso, n'kulumbira kuti sindigwiranso kiyibodi. Alonda anandigawira tiyi ndi chinangwa, n'kundifunsa mwaulemu ngati kunyumba kuli mtendere. Ndinagona pa mpando. Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima. Seva inapitiriza kung'ung'uza bwinobwino pa UPS yosungira magetsi, imene ine mwini ndinaichotsa pa kompyuta ya Windows sabata yomweyo. Ndikanagwiritsa ntchito rsync, imene yakhalapo kuyambira 1996 ndipo imadumpha zimene zafika kale, ndikanangopitiriza. Inalimo mu Cygwin yomweyo, ikundiyang'ana.

M'mawa wa Loweruka kunafika mtsikana wophunzira ntchito, amene anaiwala tchaja. "Achimwene, mwagona kuno?" Ndinamufotokozera za womasulira, za AES, za mipopi, ndi mawu a munthu amene wavutikira dziko. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati Windows 10 ili ndi ssh yakeyake kuyambira 2018, yosafuna womasulira, ndipo anafunsa kuti sevayo ili kuti. Ndinaloza. Inali pakona, mapazi asanu kuchokera pa mpando wanga. Anatulutsa hadi disiki m'chikwama, kukopera, kuyenda mapazi asanuwo, kukoperanso. Ola lisanathe zonse zinali pa seva.

Lolemba bwana anandiyamikira pamaso pa onse chifukwa chogona ku ntchito, ndipo ine ndinaweramitsa mutu modzichepetsa osatsutsa. Mtsikana uja sananene kanthu. Lachisanu lililonse ndimamugulira chipisi ndi Fanta, ndipo mwezi uno wayamba kufunsa za nkhuku.