Balani, Mfumu Yosagonetsa Anthu

Ku London, ku Berlin ndi ku Johannesburg kuli anthu amene amachezera kukangana za madigiri ochepa. Ali ndi kachipangizo kolowa m'thumba la malaya, kotchedwa vaporizer, kamene amaikamo masamba ouma n'kuwatenthetsa osawayatsa. Wina amati pa 185 ndiye pamene fungo limamveka bwino, mnzake amati popanda kufika 200 n'kungotha batire. Chimene onse amavomerezana n'choti ukapyola cha m'ma 230 tsamba limayamba kupsa, ndiye kuti ndalama zako zalowa m'madzi. Ena amafika pogula timakina tokhala ndi waya wa nickel kapena titanium. Wayayo akamatentha, magetsi amadutsamo movutikira, ndipo kakompyuta ka m'kati kamayeza kuvutikako n'kudziwa pamene moto wafika. Mwini wake akalakwitsa nambala ya mtundu wa waya, kamakinako kamanama kopanda manyazi: kalemba 190 tsamba likununkha kupserera.

Anthuwa amayenda modzitukumula ngati luso limeneli analiyamba ndi iwo. Atakwera minibasi pa Mangochi boma, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyamba chikweza chokhotakhota cha Chowe kulowera ku Namwera, angakakumane ndi agogo a timakina tawoto. Agogowo ndi a njerwa, aatali kuposa nyumba ya mwini munda, khomo limodzi, chumuni pambali, mwaye mpaka kudenga. Dzina lawo ndi balani. Palibe anawaimbirapo nyimbo yowatama, ndipo nthawi yakwana yoti alandire ulemu wawo.

Choyamba choyamikira pa balani ndi mtima wake wodzisunga. Moto suloledwa kuonana maso ndi maso ndi fodya. Ng'anjo ili panja, kukamwa kwake n'kumene amasonkhezerako zipika. Kutentha kumalowa m'nyumbamo kudzera m'mipaipi ikuluikulu yachitsulo yoyala pansi, utsi n'kutulukira ku chumuni osakhudza tsamba ndi limodzi lomwe. Pamwamba pa mipaipiyo pali mitanda yosanjikizana mpaka kudenga, ndipo pa mitandapo mpamene amakoleka mikangala ya masamba osokedwa awiriawiri kapena atatuatatu. Pali timabowo ta mpweya pansi pa khoma ndi pamwamba pa denga. Pakati pa zonsezi pamalendewera thermometer pa chingwe, kumene woyang'anira moto amakokera pafupi ndi kabowo n'kuunika ndi tochi. Kampani ya Storz & Bickel ya ku Tuttlingen ku Germany inatchuka ndi makina ake a Volcano, amene anatuluka m'chaka cha 2000, chifukwa cha mfundo yomweyi, yoti tsamba litenthedwe ndi mpweya wamoto, lisayake. Balani anali atachita kale zimenezi zaka zoposa 100 popanda soketi.

Komatu mfumuyi ili ndi mwambo wake, ndipo woudumpha amalipira.

Masiku awiri oyamba ndi oyeretsa tsamba kuti lichoke kubiriwira lifike pa chikasu. Moto umakhala waulesi, madigiri kuyambira m'ma 32 mpaka 38, mabowo atatseka kuti chinyezi chisathawe. Nthawi imeneyi tsamba likadali lamoyo. Likupuma, ndipo chakudya chimene linasunga kumunda chikusanduka shuga, shuga amene amapatsa fodya wa flue kukoma kumene ogula amalipira madola. Chikasu chikakwana, woyang'anira amatsegula mabowo pang'onopang'ono n'kumakweza moto digiri imodzi pa ola, mpaka cha m'ma 50 ndi kupyola pang'ono, kuti tsamba life ndi kuuma mtundu wake uli chomwecho. Pomaliza pamatsala msana wa tsamba, wonenepa ndi wamadzi, umene sugonja popanda madigiri 70 kapena kuyandikira pamenepo. Ulendo wonse umatenga sabata yathunthu, usana ndi usiku, moto osazima.

Pa sitepe iliyonse balani watchera msampha, ndipo apa mpamene nzeru zake zauphunzitsi zimaonekera. Wopupuluma amene wakweza moto chikasu chisanakwane amatulutsa fodya wouma ali wobiriwira, ndipo ku okushoni wobiriwira amamuyang'ana ndi diso la nkhwezule. Wozengereza amene wasunga chinyezi nthawi yaitali amapeza masamba atachita mawanga, ena atayamba kuola pa mkangala. Wokweza moto masamba akadali ndi madzi ambiri amawaphika ngati chisoso, n'kusanduka abulauni. Wolola moto kugwa pamene msana ukuuma amaona madzi a mumsanamo atabwerera m'tsamba n'kusiya mizere yakuda. Wopyola malire kumapeto, poti athane nazo akagone, amapsereza shuga uja, tsamba n'kufiira. Sukulu zina zimalola wolephera kubwereza kalasi. Balani amapereka zotsatira kamodzi, pa tsiku lotsegula chitseko, ndipo fodya amene walakwika sabwerera kumunda.

Chachiwiri choyamikira ndi chikondi chake pa anthu. Balani safuna kukhala yekha. Fodya amathyoledwa kuyambira mu January mpaka cha mu April, m'kati mwa dzinja, nthawi imene nkhuni ndi zonyowa, udzudzu uli pa chikondwerero, ndipo ku mapiri a Namwera usiku kumazizira kosiyana ndi kunyanja. Pa ola limene anthu a ku Malindi ndi ku Mpondasi ali m'tulo tofa nato, munthu wa pa ng'anjo ali chilili. Nkhope ikuwauka, msana ukuzizidwa. Wavala thumba la feteleza loboola pakhosi kuti adziteteze ku mvula, tochi ali nayo kukamwa, manja onse awiri akukankha chipika chimene chikulira thovu kumapeto kwake. Akatero amathamangira ku kabowo, kukoka chingwe, kuwerenga, kubwerera, kukoka chikuni chimodzi poti moto wanyanya. Kapitawo akatulukira mumdima funso lake ndi limodzi: "Achimwene, moto uli pati?" Yankho lake limadziwika kale: "Uli bwinobwino, akapitawo." Ndipo onse awiri amapita kukasuzumira, pakuti mawu amenewa palibe amawakhulupirira.

Akale pa ntchitoyi thermometer amaiona ngati mlendo. Amalowetsa dzanja pa chitseko, kununkhiza, kupinda tsamba la m'munsi pa chala, n'kunena kuti mabowo atsegulidwe. Luso lotere ku Ulaya likanakhala ndi satifiketi ndi yunifolomu. Kuno limalipidwa ngati ulonda.

Chodabwitsa n'choti ufumu wonsewu unayamba ndi munthu amene anagona pa ntchito. Nkhani imene imasimbidwa ku North Carolina, ku America, imati m'chaka cha 1839 kapolo wina dzina lake Stephen, wa pa munda wa Abisha Slade m'boma la Caswell, anasinza akulondera moto wa fodya. Podzidzimuka anapeza moto ukuzilala, ndipo mwamantha anathamangira kosulira zitsulo, n'kutapa makala n'kuwakhuthulira pamotopo. Kutentha kwadzidzidziko kunatulutsa masamba achikasu chowala amene anagulidwa pa mtengo wosaoneka n'kale. Mipaipi inabwera pambuyo, koma chikasu chimene dziko lonse lakhala likuchithamangira chinabadwa usiku umenewo. Kuchokera pamenepo balani anaonetsetsa kuti mwayi woterowo usadzagwerenso wina. Lero wosinza pa ng'anjo amalandira kalata yomuchotsa ntchito.

Ku Malawi kuno balani anafika ngati bwana, ndipo ubwanawo anausunga. Fodya wa Virginia anabwera ndi atsamunda monga John Buchanan wa ku Zomba kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908, ndipo okushoni inayamba mu 1938. Munthu wakuda ankalima fodya wa chikopa, wofukiza ndi utsi m'chisakasa, pamene wa flue anali wa m'maesiteti. Ngakhale dziko litalandira ufulu, lamulo la mbewu zapadera la nthawi ya Kamuzu Banda linasungira eni maesiteti fodya wa flue ndi wa burley, kupatula alimi osankhika monga a pansi pa bungwe la KFCTA ku Kasungu. Mlimi wamba analoledwa burley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anamuthamangira chifukwa burley ndi wofatsa: umamupachika m'chigafa cha udzu, mphepo n'kugwira ntchito yonse. Balani sanadandaule. Mfumu yeniyeni sikhala pakhomo paliponse.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi m'mimba mwake. Balani sadya zinyalala. Amafuna zipika za mitengo yolimba yosunga moto usiku wonse, tsamba, mombo, muwanga, mitengo imene inatenga zaka makumi kuti ikule. Pa kilogalamu iliyonse ya fodya wouma amameza makilogalamu angapo a nkhuni. Katswiri wina wa ku Germany, Helmut Geist, amene anachita kafukufuku wake m'mapiri a Namwera momwemu, analemba mu 1999 kuti pa nkhalango zimene Malawi ankataya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linkapita chifukwa cha fodya. Anthu osayamika amati uku n'kuononga. Sakuona ubwino wake. Kale woyenda pa chikweza cha Chowe mitengo inkamutchinga, lero malo ambiri maso amafika mpaka ku chigwa cha Shire ndi ku nyanja ya Malombe popanda chopinga. Dothi nalo linapeza ufulu woyenda: mvula ikagwa limatsika phiri kukacheza ndi chambo. Kunena zoona balani sanagwire yekha ntchitoyi. Ootcha makala, oumba njerwa ndi owamba nsomba kunyanja anathandizapo, ndipo nkhalango zotetezedwa za Namizimu ndi Mangochi zimawadziwa onsewa. Koma mwa onsewo ndi balani yekha amene amadya nkhalango atavala ulemu wobweretsa ndalama zakunja.

Akatswiri ayesa kumuchepetsa kudya. M'zaka za m'ma 2000 kunabwera balani wamakono wotchedwa rocket barn, wa ng'anjo yopapatiza ndi chumuni chokoka mpweya bwino, amene amadya pafupifupi theka la nkhuni za mkulu wake. Makampani ogula fodya amalimbikitsanso alimi awo kubzala bulugamu ndi mitengo ina yokula msanga. Balani wakale amangoyang'ana, podziwa kuti kumanga watsopano kumafuna ndalama, ndipo bulugamu wobzala chaka chino sangaotche fodya wa chaka chino.

Nthawi zina mfumu imakwiya. Kumapeto kwa sabata, masamba atauma kuti gwa, tsamba limodzi likhoza kupulumuka pa mkangala n'kugwera pa mpaipi wofiira, kapena mpaipi wodyeka ndi dzimbiri n'kulavula nthethe. Mphindi zochepa denga lili lawilawi. Anthu amathamanga ndi ndowa, koma amadziwa kuti akungochotsa manyazi. Feteleza wa ngongole, thukuta la kunazale, maliro amene sanapiteko poti ankathyola fodya, zonse zimakwera kumwamba usiku umodzi, ndipo mudzi wonse umasuta ulere, ofuna ndi osafuna omwe. Ndi kachipangizo kati ka ku Berlin kangathe kugawira anthu mowolowa manja chotere?

Fodya akapulumuka zonsezi amamufewetsa ndi chinyezi kuti asafumbutuke, amamusankha m'magiredi, amamudinda pa jeke, belo n'kuyamba ulendo wa ku Limbe. Kumeneko, kapena ku Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu, wogula amasolola kamtolo kamodzi, kukatembenuza, kukanunkhiza, n'kupitirira. Sabata ya munthu wosagona imaweruzidwa m'masekondi ochepa. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa theka kapena kuposerapo la ndalama zakunja za dziko lino, koma dzina la wosonkheza moto silinalembedwepo pa tikiti ya belo.

Dziko likusintha, ndipo adani a mfumuyi akuchuluka. Mu 2014 kampani ya Philip Morris International inayamba kugulitsa IQOS ku Nagoya ndi ku Milan, kachipangizo kotenthetsa fodya osapyola madigiri 350, pamene nsonga ya ndudu yoyaka imapyola 600. Madokotala akuchenjezabe kuti chikonga ndi chikonga, kaya chabwera ndi utsi kaya ndi nthunzi. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, anthu n'kumati mwina ndicho chidzalowe m'malo mwa fodya. Mu 2023 Malawi analowa nawo m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta. Mabalani ena m'mbali mwa msewu wa ku Chiponde agwa kale madenga, mwamera zitsamba, mbuzi zikubisalamo dzuwa.

N'chifukwa chake nkhani ya chipilala isachedwe. Malo alipo. Pa Mangochi boma, pafupi ndi mlatho, pali kale nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen, ndipo pa awiriwa palibe anagonetsapo anthu a Chowe panja usiku wochuluka ngati balani. Chipilalacho chikhale chachitali, cha njerwa zootcha bwino, ndi thermometer yolendewera pa chingwe kuti ana asukulu azikoka. Komiti yomanga ingoyamba msanga kufunsa kumene kwatsala mitengo yootchera njerwazo, chifukwa mwini chipilala anadutsako kale.