Ka Vitz kanga kamadya usiku

Anthu opanda galimoto amaganiza kuti chimene chimationdetsa ife eni magalimoto ndi petulo. Petulo sanama. Manambala umawaona akuthamanga pa pampu, umalipira, umadandaula, n'kumapita. Chimene chandithera thupi ine ndi magetsi, chinthu chosaoneka ndi maso komanso chopanda fungo, kufikira tsiku limene pulasitiki yayamba kununkha kupsa uli pakati pa msewu wa Chipembere.

Kanga ndi ka Toyota Vitz ka 2007, kaja ka injini ya masilinda atatu kamene kamanjenjemera kakaima pa maloboti. Kanatsika sitima ku Dar es Salaam, kanalowera pa Songwe, n'kudutsa m'manja mwa anthu angapo kasanandipeze. Wondigulitsa analumbira kuti kankayendetsedwa ndi mayi wina wopemphera, amene ankangopitira kutchalitchi basi. Ndikaona mmene kalili, tchalitchicho chiyenera kuti chinali pamwamba pa Sapitwa.

Poyamba zinali zongosekerera. Wailesi yake imalekezera pa 90, chifukwa mawailesi a m'magalimoto a ku Japan a nthawi imeneyo amagwira kuyambira pa 76 mpaka pamenepo. Ndiye pansi pa chiwongolero pali kabokosi ka ETC, kolipirira misewu kwawoko. Ndikangotembenuza kiyi, mayi wina amalankhula Chijapani, kudandaula kuti khadi mulibe. Mayi a kunyumba anapirira kwa kanthawi, kenako anafunsa: "Kodi bambo, amene amakupatsani moni m'mawa uliwonseyu ndi ndani?"

Kenako linafika tsiku limene mayi wa Chijapani uja sanalankhule. Nditatembenuza kiyi, kagalimoto kanangoti tcha-tcha-tcha, timagetsi ta pa dashibodi n'kuphethira. Madala athu a ma Datsun 120Y sakanada nkhawa: kuitana anyamata awiri, giya 2, kukankha pang'ono, kusiya kilatchi, injini yalira. Koma kanga ndi ka automatic. Mukhoza kukakankha kuchokera ku Ndirande mpaka ku Limbe, chimene chingatuluke ndi thukuta lanu lokha. Automatic imafuna majampa, ndipo majampa amafuna munthu wina wa batire yamoyo ndi mtima wabwino.

Apa m'pamene khalidwe langa linasintha. Ku ukwati, kumaliro, ngakhale ku tchalitchi, sindiimika galimoto pamthunzi. Ndimayang'ana amene wabwera ndi galimoto yooneka yodya bwino, n'kuimika kanga moyang'anizana nayo, boneti ndi boneti. Mabatire a akhristu anzanga ndimawadziwa kuposa mayina a ana awo. Mkulu wa mpingo wina anandiyamikira pagulu kuti masiku ano ndimapereka moni kwa aliyense tikaweruka, osadziwa kuti majampa ali kale m'thumba la jekete. Tsopano akandiona ndikumwetulira chapatali, amangotsegula boneti osafunsa.

Matenda a magetsi aliyense amawapeza mu katundu amene iyeyo amagulitsa. Wogulitsa mabatire sanayang'ane n'komwe galimoto. "Batire iyi yafa, bwana." Ndinagula ina yatsopano, NS40, n'kuyenda modzitukumula kufikira nayonso inagona. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango anati ndi sitata, anaigogoda ndi sipanala, n'kundilipiritsa kugogodako. Ndiye kunabwera wa zamagetsi weniweni, wokhala ndi mita. Anandionetsa kuti batire yabwino, injini ili chete, imawerenga mavoti 12.6, ndipo injini ikalira iyenera kukwera kufika cha m'ma 14, kusonyeza kuti alternator ikubwezeretsa moto. Yanga inangokhala pa 12, ndipo atayatsa magetsi akutsogolo inayamba kutsika. Ine ndinagwedeza mutu mwaukatswiri, manja kumbuyo, n'kumenya tayala ndi phazi kuti nanenso ndioneke kuti ndikufufuza.

"Mabulashi atha, regulator nayonso yapita. Tipeze ina ya ex-Japan, biggie."

Pa sipeya m'pamene munthu amaphunzirira zachuma. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo palibe amene anasunga nkhani imeneyi pamtima kuposa ogulitsa masipeya. Alternator imene anandionetsa inali ndi fumbi losonyeza kuti yakhala pa shelefu kuyambira kale kwacha isanadwale. Komabe nditafunsa mtengo, mnyamatayo anayang'ana kumwamba n'kuti, "Dola, bwana." Chitsulo chosamva, chogona pakona, chimadziwa mtengo wa dola wa m'mawa umenewo kuposa ine amene ndimamvera nkhani. Ndalama imene ndinasiya pamenepo inali ya feteleza, ndipo kumudzi akudziwa kuti chaka chino chimanga chathu chili mu boneti.

Alternator inayamba kugwira ntchito, mita inawerenga 14, tonse tinagwirana chanza. Koma kagalimoto kakagona masiku awiri osayenda, m'mawa kanali kubwerera ku tcha-tcha-tcha. Ndinapita kwa mnyamata wa kompyuta, uja amalumikiza makina ake pa soketi ya pansi pa chiwongolero. Kungolumikizako ndi ndalama. Makinawo anaganiza kwa mphindi zingapo n'kunena kuti galimoto ilibe vuto lililonse. Ndinalipira kuti ndiuzidwe kuti ndili bwino, kenako ndinamupempha mnyamatayo kuti andijampe.

Amene anagwira wakuba ndi mdala wina wa magalasi omanga ndi waya, wosalankhulalankhula. Anazimitsa zonse, anachotsa nthambo ya negative pa batire, n'kuika mita yake pakati. Galimoto ili chigonere, kiyi ali m'thumba mwanga, moto unali kutuluka ndithu. Anayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi, diso lili pa mita. Pamalo a fyuzi ina anapezapo kawaya ka kopa kopindapinda, kamene sikangapse ngakhale galimoto yonse itapsa. Sananene kanthu, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kuloza kwa mayi wopemphera uja. Atamasula dashibodi tinaona kuti mizu ya kachere imakumanadi pansi: alamu imene sinkaliranso, kachipangizo kowonjezera mawailesi, ndi nthambo yonenepa ya sipika ya bezi imene mwini wake anachoka nayo kalekale. Zonsezi anazilumikiza molunjika ku batire osadzera pa kiyi, mawaya ongopotokola ndi zala n'kukulunga ndi jumbo ya shuga. Mayi wopempherayo ankakonda bezi.

Mdalayo anati kuti zonse zibwerere mwakale, ayenera kutsata waya uliwonse, kudula zachilendo, kuwotcherera ndi kukulunga bwino, ndipo anatchula mtengo wake. Mtengowo sunali wakuba, koma unandipeza nditagula kale batire, alternator, kugogoda kwa sitata ndi maganizo a kompyuta. Ndinamufunsa ngati palibe njira ya anthu osauka. Anatsegula bokosi lake n'kundigulitsa sipanala ya 10.

Ndiye madzulo alionse, anzanga akamatseka mageti, ine ndimatsegula boneti n'kumasula nthambo ya negative. M'mawa ndimaimanganso, nditavala taye, tochi ya foni ili kukamwa. Wotchi ya m'galimoto imaiwala nthawi tsiku lililonse, wailesi imaiwala masiteshoni ake ochepawo, ndipo mwana wa aneba anauza aphunzitsi ake kuti ine ndine makaniko. Mlamu wanga wanena kuti Loweruka abwera kudzakaona, akufuna kagalimoto kosavuta kopitira kuntchito. Ndamuuza kuti kankayendetsedwa ndi bambo wopemphera, ndipo sipanala ndimupatsa yaulere.