Kakompyuta ka Magemu Kotchipa: Njira Yosaukira Mwadongosolo

Kompyuta ya patebulo yaing'ono, yotchipa, yosewerera magemu opepuka ndi makina amene munthu amalumikiza yekha pakhomo kuchokera ku zipangizo 7 zogula padera: purosesa, motherboard, RAM, SSD, power supply, fani yoziziritsa ndi kesi yoikamo zonsezi. Dzina lakelo lasenza malonjezo atatu, kuchepa, kutchipa ndi kupepuka, ndipo atatuwa ali ngati akazi apamitala: amakhala pakhomo limodzi koma sadyera mbale imodzi. Wogwira ntchitoyi pano azitchedwa mmisiri, ngakhale chida chake chonse ndi sikuludiraiva imodzi yobwereka kwa wokonza mawailesi.

Ntchito imayamba ndi bajeti. Mmisiri alembe pakapepala ndalama zimene sadzapitirira zivute zitani, kenako akapinde kanayi ndi kukasunga, chifukwa kadzathandiza kutchinjiriza mwendo wa tebulo ukamagwedera. Akatero alengeze kwa apabanja kuti makinawa ndi a sukulu ya ana. Mawu oti magemu asatuluke pakamwa mpaka katundu yense atafika.

Magemu opepuka ndi monga Minecraft, Stardew Valley, Rocket League, Dota 2 ndi Counter-Strike 2, komanso GTA V, imene inafika pa kompyuta mu 2015, bola zokongoletsa zake zichepetsedwe ndipo chithunzi chikhale pa 720p kapena 1080p. Onsewa safuna makina odula. Vuto limabwera ndi mnzake wa mmisiri, amene amangodutsa kudzapereka moni n'kufunsa ngati kompyutayo idzanyamule Cyberpunk 2077. Funso limeneli lapha mabajeti ambiri kuposa kukwera mtengo kwa chimanga, choncho mnzakeyo ndi bwino kumuitana msanga, zinthu zisanagulidwe, kuti chiwonongeko chiyambire pamaziko.

Maziko enieni ndi motherboard, bolodi limene zonse zimalumikizidwapo. Yaikulu ya mtundu wa ATX, umene Intel inayambitsa mu 1995, ndi ya masentimita 30.5 kwa 24.4. Yapakati ya microATX ndi ya 24.4 mbali zonse. Yaing'ono ya Mini-ITX, imene kampani ya VIA inatulutsa mu 2001, ndi ya 17 kwa 17, ndipo ili ndi malo awiri okha a RAM ndi malo amodzi a khadi la zithunzi. Pamsika wa tomato mulu waung'ono umatchipa. Pamsika wa makompyuta zili chadodolido: Mini-ITX kawirikawiri imadula kuposa microATX yogwira ntchito yomweyo, chifukwa opanga amavutika kupanikiza zinthu pamalo ochepa ndipo ogula ake ndi owerengeka. Munthu wofunadi kupulumutsa ndalama angatenge microATX n'kuiika m'kesi yocheperako, koma mlendo akalowa m'nyumba sangadabwe n'kufunsa kuti, "Kompyuta yonse ndi kameneka?" Popeza funso limeneli ndiye cholinga cha ntchito yonse, mmisiri atenge Mini-ITX.

Pa purosesa, nkhani yagona pa chilembo chimodzi. Makina aang'ono otchipa amayenda bwino ndi purosesa yokhala ndi gawo lojambula zithunzi m'kati mwake, kuti pasafunikenso khadi lapadera. Chitsanzo chodziwika ndi Ryzen 5 5600G ya AMD, ya mu 2021, yokhala ndi ma core 6, yamawati 65, yolowa pa soketi ya AM4 ndipo imabwera ndi fani yake m'bokosi. Chilembo G ndicho chikutanthauza zithunzizo. Pali inanso yotchedwa Ryzen 5 5600, yopanda G, ndipo mmisiri wochenjera amene waona kuti chilembo chimodzi si chinthu cholimbanirana adzalandira sikirini yakuda bii, yomwe ndi gemu yopepuka kuposa onse. Kwa Intel lamulo limatembenuka: kumeneko chilembo F, monga pa Core i3-12100F, ndicho chimanena kuti zithunzi mulibe. Njira yabwino yosokonezekera ndi kuloweza lamulo limodzi n'kukaligwiritsa ntchito kwa kampani inayo.

Palinso msampha wokoma wa BIOS, kapulogalamu kokhala m'kati mwa motherboard. Motherboard ya B450 imene inakhalitsa pa shelefu ikhoza kukana kuzindikira 5600G mpaka BIOS yake itasinthidwa, ndipo ngati ilibe batani losinthira popanda purosesa, pamafunika purosesa yakale kuti ntchitoyo itheke. Zili ngati kiyi wa nyumba watsekeredwa m'nyumbamo. Amene wapeza purosesa yobwereka asankhe kusintha BIOS madzulo a tsiku la mvula yamabingu, nthawi imene magetsi amakonda kuthima, chifukwa akathima ntchitoyo ili pakati, bolodi likhoza kusanduka chokongoletsa pakhoma.

Purosesa ya AM4 ili ndi timapini 1331 pansi pake, topyapyala ngati ubweya wa chitedze. Pangodya imodzi pali kachizindikiro kagolide ka ngodya zitatu, koyenera kuyang'anizana ndi kanzake pa soketi. Zikagwirizana, purosesa imatera yokha popanda kuikankha, kenako kachitsulo kam'mbali kamatsitsidwa. Koma mwamuna amene anakula akulima sangalole kuti chinthu chodula chonchi chilowe popanda thukuta. Akankhe ndi chala chachikulu. Madzulo otsatira adzawathera pansi pa tochi ya foni, lezala ili m'manja, akuwongola timapini kamodzikamodzi, lilime lili panja, ana atathamangitsidwa kuti asapume pafupi. Luso limeneli silipezeka m'buku lililonse la m'bokosi, ndipo amene analiphunzira saliiwala.

Pakati pa purosesa ndi fani pamafunika phala lothandiza kutentha kudutsa. Fani ya m'bokosi imabwera litapakidwa kale. Pamene pakufunika latsopano, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati n'kokwanira, ngakhale mtima wopatsa umalamula kulipaka ngati majarini pa buledi wa apongozi. Mafani ena ogula padera amabwera ndi kapulasitiki pansi kolembedwa kuti kachotsedwe. Kasiyidwe pomwepo, monga mmene pulasitiki amasiyidwira pa sofa yatsopano, ndipo purosesa idzadzichepetsa liwiro yokha poopa kupsa.

RAM ndi pamene umphawi umavala jekete la nzeru. Purosesa yokhala ndi zithunzi m'kati ilibe nkhokwe yakeyake ya zithunzizo. Imabwereka ku RAM, choncho liwiro la RAM ndilo liwiro la gemu. Timitengo tiwiri ta 8 GB timagwira ntchito limodzi ngati mawilibala awiri osamutsa njerwa, pamene kamtengo kamodzi ka 16 GB ndi wilibala imodzi yaikulu yodikiridwa ndi amisiri onse. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso pa gemu. Mmisiri agule kamodzi, ponena kuti adzawonjezera mtsogolo, mtsogolo mwake mukhale mmene mumakhala lonjezo lobweza ngongole ya banki m'khonde. Ngati wagula DDR4 ya 3200, asalowe mu BIOS kukayatsa XMP, kuti RAM iziyenda pa 2133 kapena 2400 ndipo liwiro limene analipira likhale chuma chosungira adzukulu. DDR5 silowa pamalo a DDR4 chifukwa kampata kake kali pena, koma onani ndime ya chala chachikulu pamwambapa.

Za SSD n'zachidule. Yoyenera ndi ya M.2 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, yomwe imagona pa motherboard popanda waya. Imamangidwa ndi kasikuluwu kochepa kuposa njere ya mpunga. Kamagwa pansi, kamasowa, ndipo kamapezeka patatha mlungu ndi munthu wosesa, amene amakataya. Ya 500 GB imaoneka yaikulu kufikira mmisiri atakumbukira kuti GTA V inkafuna 65 GB itangotuluka, pa ma DVD 7, ndipo yakhala ikunenepa chaka ndi chaka.

Pofika pa power supply ndalama zimakhala zatha, ndipo apa ndi pamene mmisiri ayenera kuonetsa kuumira kwake konse. Kesi yaing'ono nthawi zambiri imafuna ya mtundu wa SFX, yochepa kuposa ya ATX ndiponso, monga mwa mwambo, yodula. Makina a purosesa yamawati 65 opanda khadi lapadera sadya magetsi ambiri, moti yabwino yamawati 300 kapena 450 imakwana n'kutsala. Chizindikiro cha 80 Plus chimatanthauza kuti magawo 80 pa 100 a magetsi olowa, kapena kuposa, amafika ku makina m'malo mosanduka kutentha. Zonsezi zinyalanyazidwe. Agule yopanda dzina, yolembedwa 800 W ndi zilembo zikuluzikulu, yopepuka m'manja ngati paketi ya mabisiketi yodyedwa kale. Ubwino wa yotereyi ndi chikondi chake: siikonda kufa yokha, imatenganso motherboard ndi SSD kuti ziiperekeze. Zina zakale zochokera ku America zili ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kosankhira 115 kapena 230. Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo wosiya kaswitchiko pa 115 amamva phokoso limodzi lokha, lotsatidwa ndi fungo lofika mpaka kwa aneba. UPS, yomwe ikanateteza makina magetsi akamathimathima, isalembedwe pa bajeti, chifukwa ilibe nyali zamitundumitundu.

Nyalizo zili pa kesi. Makesi aang'ono amayezedwa m'malita ngati mafuta ophikira, ndipo okonda zimenezi amati yaing'ono ndi yosafika malita 20, kapena kuti yosaposa chigubu chotungira madzi. Ena amatsika mpaka 10. M'kesi yotere mamilimita amawerengedwa: kutalika kwa fani ndi kwa khadi kumalembedwa ndi opanga, ndipo mmisiri aziyerekeza ndi maso pa chithunzi cha pafoni. Asankhe yagalasi mbali zonse, yopanda zibowo za mpweya, yowala ngati basi yolowa usiku. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma nyerere sizingakhale m'kesi imeneyi mwezi wa Okutobala. Fumbi lokha ndilo limapirira.

Kulumikiza kuli ndi dongosolo lake. Purosesa, RAM, SSD ndi fani zimaikidwa motherboard ili panja, pamwamba pa bokosi lake. Kachitsulo kophimba mabowo a kumbuyo kamalowa m'kesi poyambirira, motherboard isanalowe, ndipo n'chifukwa chake kamakumbukiridwa pomalizira, zonse zitamangidwa. Mphepete mwake n'chakuthwa. Dontho la magazi limene kamatenga pa chala limawerengedwa ngati nsembe. Kenako pamabwera timawaya ta batani loyatsira, tolembedwa POWER SW, RESET SW ndi HDD LED, tolowa pa timapini tobisika pangodya imene dzanja la munthu wamkulu silifika. Buku la motherboard lili ndi chithunzi chosonyeza pamene kalikonse kamalowa. Safunsa anadya phula, koma sanamveke kuti anafa nalo, choncho bukulo likhale m'pulasitiki mwake.

Batani likadinidwa koyamba sipachitika kanthu. Apa mmisiri akhale pansi, agwire mutu, awerengere ndalama zonse, aimbire foni wachibale wa ku Johannesburg amene anatumiza katunduyo pa basi pakati pa mabulangete, amuuze kuti anamugulira zakufa. Pakatha ola limodzi ndi pamene aziyang'ana switchi ya kumbuyo kwa power supply, yomwe ili pa 0. Ikayatsidwa mafani n'kuzungulira koma sikirini osaonetsa kanthu, kawirikawiri ndi waya wa mapini 8 wa purosesa umene sunalowetsedwe, kapena RAM imene sinamveke kuti tha polowa. Kupepesa wachibale uja sikofunika. Adzaiwala pofika Khirisimasi.

Pali njira ina imene nkhani yoona mtima iyenera kuitchula, ngakhale monyinyirika. Ndi ya kaunjika: kugula kompyuta yopyapyala imene inapuma ntchito mu ofesi, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre, n'kuikamo SSD, kamtengo kachiwiri ka RAM ndi khadi lalifupi la zithunzi monga GTX 1650 kapena RX 6400, limene limakhutira ndi mawati 75 otuluka pa motherboard popanda waya wina. Yokhala ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo imalandira Windows 11, nkhani yofunika chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Njira imeneyi imatchipa, imatha masana amodzi ndipo imagwira ntchito, motero ilibe ulemu. Woitsata angaipulumutse ku manyazi pogula GT 710, khadi limene limaposedwa ndi zithunzi za m'kati mwa 5600G, kapena GT 1030 ya DDR4 m'malo mwa ya GDDR5, popeza dzina ndi limodzi koma mphamvu zimasiyana kutali. Ngati mwangozi wagula khadi labwino, waya wa sikirini aulowetse pa motherboard osati pa khadilo, kuti lizipuma.

Makina akayaka pamatsala kuika Windows kapena Linux, madiraiva ndi Steam, kenako kutsitsa gemu. Bandulo ya intaneti ya mwezi wonse imatha gemu ili pa 40 peresenti, ndipo yotsatira imathera pa zokonzanso zimene gemuyo imafuna isanatseguke. Tsiku limene zonse zatheka, ana amakumbutsa bambo awo kuti kompyutayi ndi ya sukulu, n'kukhala pampando. Mmisiri amasamukira pa sofa ndi foni, kukaonera pa YouTube anthu ena akulumikiza makina a soketi ya AM5 ndi DDR5, amene salandira purosesa, RAM kapena motherboard imene wangogulayo.

Kusamalira makinawa n'kosavuta. Fumbi lizichotsedwa pakapita miyezi ingapo, makina atazimitsidwa ndi kuzulidwa kukhoma, fani itagwiridwa ndi chala kuti isazungulire poipemerera. Masikuluwu otsala aikidwe m'kabotolo pamodzi ndi buku la motherboard, lomwe likadali m'pulasitiki.