Kuthamanga sikufika, nanga kupalasa?

M'mwezi wa Epulo 2025 kakanema kena kanayenda m'mafoni ambiri. Kanajambulidwa pa nyanja ya Havasu ku Arizona, m'dziko la America. Boti la mpikisano likuthamanga makilomita pafupifupi 320 pa ola, mwadzidzidzi mphuno yake ikudzuka, boti lonse likuchoka m'madzi, likupidiguka m'malere n'kukagwanso uko, madzi kuti phwaa! Amuna awiri amene anali m'katimo anatuluka amoyo. Aliyense woona kakanemako ankagwedeza mutu n'kunena mawu amodzimodzi: kuthamanga sikufika. Agogo athu akanakhala ndi foni akanatumizirana tsiku lonse monyadira.

Eni masewerowo sangatsutse. Munthu amene anathamangapo kwambiri pamadzi ndi Ken Warby wa ku Australia, yemwe mu Okutobala 1978 anafika makilomita 511 pa ola pa boti lamatabwa limene anakhoma yekha kuseri kwa nyumba yake n'kuikamo injini ya ndege. Mpaka lero palibe wamupitirira. Lee Taylor anayesa mu 1980, anafera pomwepo. Craig Arfons anayesa mu 1989, nayenso chimodzimodzi. Donald Campbell anali atafa kale imfa yotereyi mu Januwale 1967 pa nyanja ya Coniston ku England. Chimachitika n'chakuti boti likathamanga kwambiri limangokhudza madzi ndi kachigawo kakang'ono kakumbuyo, ndiye kamphepo kapena kafunde kakangotukula mphuno pang'ono, mpweya umadzaza pansi pake n'kulinyamula. Pa liwiro lotero madzi amakulandira ngati simenti.

Zonsezi n'zoona. Koma ife a ku Chigwa cha Shire tili ndi matenda athu: tikaona chinthu chabwino cha kunja timayamba kuchiyeza pa Shire. Tiyeni tilitenge botilo, tilitsitse bwinobwino pa Thabwa mabuleki akununkha, tidutse Nchalo ndi Ngabu, tikalitule pa Mtayamoyo pamene anthu amaolokera kuchoka ku Bangula kupita ku Makhanga.

Woyamba kulizungulira angakhale mnyamata woitanira anthu pa doko. Angasuzumire m'kati, aone mipando iwiri yokha, aseke mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, ndiye pamwamba ponsepa aikapo chiyani? Malo onsewa kungotaya?" Ola lisanathe, pamwamba pamenepo pangakhale matumba a mbatata, njinga za kabaza zitatu zogonekedwa chopingasa, njinga yamoto imodzi mwini wake atakhala pomwepo ataigwira chiwongolero, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi mayi wa dengu la makakana owamba amene wauzidwa kuti, "Sendezani pang'ono amayi, tikwanamo tonse, ndife amodzi." Malamba omangira woyendetsa pampando angamangire mitolo ya bango. Chisoti cholimba cha woyendetsa chingapeze ntchito yake yeniyeni: kukapira madzi.

Kenaka nkhani ya mafuta. Injini zamtunduwu sizimva za petulo wa m'botolo la Sobo. Pangafunike zigubu zonse za pa Bangula, ndi zina zochokera tsidya la ku Mozambique, ndipo mtengo woolokera ungakwere mpaka mayi wa makakana kugulitsa dengu lomwe.

Tinene kuti mafuta apezeka, injini yalira, ana athawira kumtunda. Namasupuni ali phee kudikira. Udzu umenewu ulibe ulemu ndi chitsulo cha munthu. Umakulunga chopukusa madzi mpaka injini kutsamwa, ndipo wina ayenera kupisa dzanja m'madzi kuti achotse, m'madzi momwe ng'ona imadziwa nthawi ya doko kuposa eni doko. Akapulumuka namasupuni, kutsogolo kuli mchenga umene umasamuka chaka ndi chaka madzi akasefukira, moti pamene panali pakuya dzinja lathali lero mwana akhoza kuimapo. Wopalasa mwadiya amauona mchengawo pa mtundu wa madzi n'kuuzemba. Wa makilomita 320 pa ola angauone ali kale m'mwamba, iye, mbuzi ndi njinga zomwe. Ndipo zonse zitayenda bwino, pamene pali vuto lalikulu ndi pakuti mtsinjewo ngwochepa kwa boti lotere. Lisanafike ndi theka la liwiro lake lingakhale litaoloka kale, litakwera gombe, litalima mzere m'dimba la munthu, ndipo mawa lake mlandu uli pabwalo kwa amfumu: chimanga chowonongeka, mabwato asanu ogubuduzika ndi mafunde, ndi mbuzi imene mpaka pano sinatsike.

Mpaka apa mwambi ukupambana. Chovuta n'chakuti pa Shire ngakhale oyenda pang'onopang'ono safika. David Livingstone anabwera mu 1859 ndi sitima yake ya nthunzi ya Ma Robert, imene inkadya nkhuni zambiri koma kuyenda kwake mabwato ang'onoang'ono ankaipitirira, ndipo mathithi a Kapichira anamuuza kuti sitima ithere pompa. Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo, anthu atavala bwino kudikira chombo chochokera kunyanja ya mchere. Chombocho chinagwidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique chisanafike. Sichinkathamanga konse. Mwina othamanga anali amene anamanga doko asanamvane ndi eni Zambezi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pali tsiku limodzi limene nthabwala zimathera. Pakati pa mwezi wa Meyi 2023, bwato lonyamula anthu 37 linkaoloka Shire m'boma la Nsanje, anthu akupita kuminda kwawo monga amachitira masiku onse. Mvuu inaligunda, linagubuduzika. Anthu 13 anapulumuka. Tsiku lomwelo kunapezeka mtembo wa mwana wa chaka chimodzi, ena 23 osaoneka. Palibe amene ankapikisana ndi mnzake m'bwato limenelo. Linkayenda pa liwiro la nkhafi, liwiro limene mwambi umayamikira. Amuna awiri a ku Arizona anasankha okha kusewera ndi imfa, ndipo anali m'kachipinda kolimba, atamangidwa malamba, opulumutsa ali pafupi injini zikulira. Anthu 37 aja sanasankhe kalikonse kupatula kukalima.

Ndiye pakabwera madzi osefukira, mwambiwu umachita manyazi. Mu Januwale 2015 Makhanga inasanduka chilumba. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kudzaza chigwa chonse. Mu Malichi 2023 Freddy anabwera kudzamaliza. Munthu amene wagona masiku awiri mumtengo, mwana atamumangirira kunthambi ndi chitenje, njoka zili m'nthambi zomwezo, mukamuuza kuti kuthamanga sikufika akhoza kukulavulirani. Iye khutu lake lili pa kulira kwa injini ya boti la asilikali, ndipo pemphero lake n'lakuti woyendetsayo akhale wopanda chifatso.

Ine ndimaona kuti liwiro limene limatipha ku Chigwa sililinso pamadzi. Lili pa gombe. Mwini bwato akanena kuti kwadzaza, otsalawo ndi amene amayamba phokoso: "Tikhale pano mpaka liti? Dzuwa lonseli?" Iyenso mutu uliwonse wowonjezera ndi ndiwo za madzulo, ndiye amayang'ana m'mphepete mwa bwato, aone kuti patsala zala zinayi madzi asanalowe, n'kunena kuti, "Kwerani, koma musagwedezeke." Mu boti la injini mumakhala kachingwe kamene woyendetsa amayenera kudzimangirira kuti akagwera m'madzi injini izime yokha, osatero boti limazungulirazungulira lopanda mwini, chopukusa chikutema aliyense amene chamupeza m'madzimo. Mukadzakwera ulendo wina mudzayang'ane pamene kali. Majekete oyandamitsa munthu, akapezeka, nthawi zambiri amakhala ochepa kuposa okwera, ndipo wovala amaoneka ngati wamantha kapena mlendo wa ku Blantyre. Sindikhulupirira kuti majekete okwanira madoko onse kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Marka angadule kuposa misonkhano ingapo ya ku hotela yokambirana za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Koma amene amaukonda kwambiri mwambiwu ndi ochedwa. Njanji ndi msewu za pa Chiromo zinaduka ndi madzi mu 1997. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana ake, ndipo akafuna kupita ku Bangula kuchokera ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, amasankha pakati pa bwato ndi ulendo wautali wozungulira ku Thabwa n'kudzera pa mlatho wa Kamuzu. Akafunsa za mlatho wake amauzidwa kuti adekhe, zinthu zili m'mapulani, chitukuko sichifuna phuma. Oyankha choncho nthawi ya chisankho ikakwana adzabweranso kudzalonjeza, ndipo adzatera pa bwalo la sukulu ndi helikopita, poti iwo alibe nthawi yodikira bwato.