Chimanga cha m'piritsi

Pa Chitakale amandidziwa kuti ndine mlimi wa pakamwa, munda wanga umabala nkhani zambiri kuposa matumba. Koma aleke kundiseka, chifukwa nanenso chimanga ndimadya ngakhale mu Febuluwale. Kungoti changa n'chomezera madzi.

Anandiululira zimenezi ndi mphwanga wogawa mankhwala kuchipatala. Akuti piritsi si mankhwala okhaokha ayi. Kufakitale makina amalitsendera mpaka kuuma gwa, moti kungolisiya choncho likhoza kulowa kukamwa n'kukatulukira uko lili lamphumphu, mutu ukuwawabe. Ndiye amasakanizamo zoti zikaliphwanye: sitachi wa chimanga kapena wa mbatatesi, apo ayi zina za mayina opinda lilime monga croscarmellose sodium, wochokera ku thonje kapena mitengo. Zimenezi zikafika m'mimba zimayamwa madzi n'kufufuma ngati nyemba zonyika, piritsi lija n'kuphwasuka, mankhwala n'kuyamba ntchito.

"Malume, piritsi wamba poliyesa liyenera kuphwanyika pasanathe mphindi 15 m'madzi ofunda madigiri 37," anatero mwanayo. "LA wa ana wosungunula m'madzi uja, mphindi 3 basi."

Abale inu, mphindi 15! Ine kuti ndidzuke pamphasa m'mawa wa mu Juni pamafunika ola lathunthu ndi mawu a mayi akunyumba, koma kanthu kopanda miyendo kamasunga nthawi.

Tsoka lake, sitachiyo sasiyanitsa madzi a m'mimba ndi chiperoni. Kuno ku Mulanje, kumene nkhungu ikatsika m'phirimu ngakhale machesi amanyanyala, piritsi lokulunga m'kapepala n'kuliponya m'thumba la jekete limayamba ntchito mwiniwakene ndisanadwale. Tsiku loti mutu wandigwira, ndikapisa m'thumbamo ndimapezamo ufa. Mayi akunyumba amati ufa umene ndabweretsa pakhomo chaka chino ndi wokhawo.

Malangizo a mphwangayo ndi awiri. Loyamba, piritsi lizikhala m'chikutiro chake chonyezimira chija, pouma, kutali ndi nthunzi ya mphika, mpaka nthawi yomwera. Lachiwiri likukhudza ife abambo amene timameza piritsi ndi malovu okha pofuna kuonetsa chamuna pamaso pa ana: tizitsiriza kapu yodzadza ya madzi, poti sitachi popanda madzi alibe mphamvu.

Ndinafunsa mwaulemu ngati thobwa logonera masiku anayi lingalowe m'gulu la madzi. Mwanayo, amene fizi ya Folomu 2 ndinamulipirira ndine, anakanitsitsa kwamtuwagalu.