Mpira anausamutsa ine ndili m'tulo

Malemu bambo anga anandisiyira zinthu zitatu: wailesi yomanga ndi mphira, dazi, ndi City of Lusaka. Wailesi inafa kalekale. Dazi likukula bwino, zikomo pofunsa. City Yamoto ndiyo ndikadali nayo, ngati chifuwa cha kumtundu.

Timu imeneyi inatenga ligi mu 1964, chaka cha ufulu. Ine ndinali ndisanabadwe, koma mukandipeza pabala ku Kabwata ndikusimba za chaka chimenecho mungalumbire kuti makona ndinkamenya ndine. Chichokereni pamenepo yakhala ikukwera ndi kutsika ngati chikepe cha ku Findeco House, ndipo ife mitima inachita zikang'a. Kutsika sikundiopsa. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti mpira weniweniwo anaunyamula n'kukauika pena, osandidzutsa.

Kale zinthu zinali m'malo mwake. Ligi inkayamba cha mu Malichi mvula ikutsazika, n'kutha chaka chikupita kumapeto, mitambo itayamba kusonkhana. Kalendala ya pakhoma inali ya anthu osakonda mpira. Ligi ikatha unkadziwa kuti yakwana nthawi yogula feteleza ndi kukwera basi ya ku Katete. Ikayambanso, chimanga chachiwisi chili pambaula. Mulungu anali ndi nyengo zake, bungwe la mpira la FAZ linali ndi zake, ndipo sankapondana zala.

Ndiye kunabwera 2019. Akuluakulu anati ligi yathu iziyendera limodzi ndi mipikisano ya CAF, iziyamba cha mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi ngati ku Ulaya. Kuti awoloke mtsinje umenewo anakonza kasizoni kakafupi, matimu 20 n'kuwagawa pawiri, Stream A ndi Stream B, khumi uku khumi uko.

Apa ndiulule kanthu. Ine ndili ndi kope. Chiyambire unyamata wanga, Lamlungu lililonse madzulo ndimatenga rula ndi bolopeni yofiira n'kulemba mmene matimu aimira: yasewera kangati, yapambana kangati, mapointi angati. Akazi anga, amake Mabvuto, amati ndikadasamala ndalama za lendi ngati mmene ndimasamalira mapointi a Kabwe Warriors, bwenzi tili ndi nyumba ya mpanda ku Woodlands. Chaka chimenecho ndinajambula mizere yanga monga mwa masiku onse, matimu onse 20 n'kuwathira mumphika umodzi. Milungu isanu yathunthu ndinkalengeza m'minibasi amene akutsogola ligi, mokweza, ngati wa pawailesi. Anandipulumutsa ndi kondakitala wina amene anasuzumira m'kopemo akundipatsa chenji.

"Mudala, apa mwaphika nsima ndi mpunga poto imodzi."

Basi yonse inaseka. Ndinatsikira pa siteji isanakwane yanga, n'kumaliza ulendo wapansi.

Ndipo ligi ya chaka chimenecho inatha bwanji? Zesco United ndi Green Eagles anakumana mu fainolo mwezi wa Juni, Zesco n'kutenga chikho pa mapenoti. Ligi, kutha ndi mapenoti! M'kope mwanga munalibe mzere wa mapenoti. Ndinakalemba kuchikuto chakumbuyo, pansi pa ma taimusi a 12.

Kunsi kumene ife a Yamoto timakonda kukacheza nakonso anagwedeza. Division One inali ya North ndi South, kenako anaigawa m'mazoni anayi, kenako anaimanga kukhala imodzi ya dziko lonse. Kale timu ikatsika unkadzitonthoza kuti masewero abwera pafupi. Lero imatsika koma maulendo ndi omwe aja a timu yaikulu. Ine ndinalumbirapo pagulu, nditakhuta Mosi, kuti City ndidzaitsata kulikonse kumene idzapite. Lumbirolo ndalikonzako pang'ono. Tsopano likuti kulikonse kumene minibasi za pa Kulima Tower zimafika.

Za mvula ndiye musanene. Loweruka lina la mu Januwale ndinapita ku bwalo la mpira la Woodlands nditabwereka, osapempha, ambulera ya maluwa imene amake Mabvuto amapita nayo ku chigwirizano cha amayi. Chigawo choyamba chisanathe kunabwera chimphepo, ambulera ija n'kutembenuka kuyang'ana kumwamba ngati mbale ya DStv. Mayi wogulitsa chinangwa chokazinga anandimvera chisoni, n'kundipatsa thumba la ufa la 25 kg lopanda kanthu. Ndinalipinda n'kulivala kumutu, ndipo ndinaonera gemu yonse dzina la kampani yogaya chimanga lili pachipumi. Mwana wina wosaleredwa bwino anandijambula. Pofika kunyumba chithunzi chinali chitanditsogolera kale pa WhatsApp ya kumpingo, ndipo funso loyamba pakhomo silinali la zigoli.

Kumudzi nako mng'ono wanga amaimba foni kufunsa kuti kupalira ndibwera liti. Ndimamuuza kuti ligi ikapuma. Munda wanga tsopano ndi umene anthu amalozera alendo njira: mukafika pa tchire la achimwene a ku Lusaka, mukhote kumanja.

Koma zonsezi ndi zochepa. Chimene chandivula chipewa ndi miyezi ya Juni ndi Julayi. Kwa zaka makumi atatu mawu atatu okha, "Loweruka kuli gemu", anandipulumutsa ku maukwati, ku chilanga mulilo, ku misonkhano ya komiti yokonzekera maukwati ena. Lero miyezi imeneyo, imene Lusaka yense amakwatitsa ana, ndiyo ligi ili patchuthi. Ndipo amake Mabvuto, amene sadziwa ngakhale ofusaidi, kalendala yatsopanoyi anailoweza msanga kuposa ine.

"Atate a Mabvuto, sizoni yatha. Sitani suti."

Ndi mmene ndinapezekera pa ukwati wa mwana wa msuweni wawo ku Kabulonga, m'tenti yoyera, mafoloko atatu patsogolo panga, osadziwa kuti woyamba kulowa m'bwalo ndi uti. Ndinakhala mwaulemu maola awiri. Koma akwati atatulukira, amayi n'kuyamba nthungululu, anthu onse n'kuimirira nthawi imodzi, thupi linaiwala kumene lili. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka "Yamotooo!" Apongozi a mwiniwake ukwati anandiyang'ana, n'kusunthira chikwama chawo mbali inayo.

Mwina mukuti ndaphunzirapo. Mu Julayi 2024 mlamu wanga wa ku Chelstone, amene amakhala kufupi ndi bwalo la Nkoloma ndipo amayankhula za Red Arrows ngati ndege zake ndi za bambo ake, anandiimbira kuti atenga chikho cha CECAFA. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuphunzitsa modekha kuti Zambia ili mu COSAFA, ndipo CECAFA ndi ya a Kenya, Uganda, Tanzania ndi anzawo akumeneko. Tinabetcherana tambala. Kunapezeka kuti Red Arrows anaitanidwa ngati alendo, n'kugonjetsa APR ya ku Rwanda pa mapenoti ku Dar es Salaam. Mlendo wadya nkhuku, wanyamula ndi mbale yomwe. Tambala wanga ndinakamusiya ndekha ku Chelstone, atandikhala pamiyendo m'minibasi.

Mdzukulu wanga, poona nkhope yanga, anandionetsa pafoni kuti sindili ndekha. Akuti Australia imasewera mpira ku Asia chiyambire 2006. Akuti ku America kuli ligi ya makoleji yotchedwa Big Ten, dzina likunena khumi, koma kuyambira 2024 muli matimu 18. Ndinamvera chisoni mdala wina wa kumeneko amene ali ndi kope ngati langa.

Choncho ndazolowera, mmene munthu amazolowera nsapato ya mwiniwake. Ndagula ambulera ziwiri, ina yobweza, ina yanga yakuda. Rula ndikugwiritsabe ntchito, koma ndimalemba ndi pensulo.

Pempho langa likupita kwa inu amene muli ndi ana ofuna kulowa m'banja. Chonde ikani tsikulo pakati pa Ogasiti ndi Meyi, Loweruka, 3 koloko masana. Mphatso nditumiza ndi amake Mabvuto.